Markezi Sakonza Denga

Lolemba, 4 Malichi

Anesi abwera m'mawa kudzamuyeza mwana wathu Lianet. Makilo atatu ndi theka. Akuti akukwera, koma pang'ono. Lero wakwanitsa masiku 24. Ndi iwo anandiuza kuti ndigule kope ndizilemba nthawi imene mwana wadya. Masamba anayi ndadzaza manambala okhaokha. Lero ndikulemba mawu chifukwa ndilibe womuuza.

Mkazi wanga Dayamí sakulankhula. Sikuti wandikwiyira. Bola akanakwiya. Amangogona atayang'ana kukhoma. Mwana akalira amatsinzina. Amayamwitsa pokhapokha amayi ake amuikire mwana pachifuwa, manja ake ali pabedi, osamugwira. Mkazi amene kufakitale yathu ya ndudu ankamutcha wailesi.

Apongozi, Mayi Caridad, akuti m'tauni muno Dayamí akufota. Pa 16 achimwene awo akubwera ndi lole ya anyezi, ndiye pobwerera amutenga iye ndi mwana kupita nawo kumudzi ku Banao. Ndafunsa kuti mpaka liti. Akuti, “Mpaka achire, mwananga.” Ku Banao panjinga sindingapite n'kubwerako tsiku lomwelo.

Lachiwiri, 5 Malichi

Walankhula! Ndikutulutsa njinga ndamva kuchipinda, “Casilda anakwatiwa?” Ndathamangira, ndati Casilda uti? Njira yonse ndimawerenga akazi a mu msewu mwathu, palibe Casilda.

Ndafunsa Fefa, amene amapichira fodya pambali panga. Waseka mpaka kutsokomola. Wakuwira mzere wonse kuti tamverani, Osniel akufunafuna Casilda m'misewu ya Cabaiguán! Kenako akuti, “Iwe, makutu akowo anakuikira kuti uzipachikapo pensulo basi? Casilda ndi wa m'buku. Mwezi wachiwiri uno tikulira naye.”

N'zoona. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pansi penipeni pa chimkuzamawu cha Mayi Hortensia, amene amatiwerengera tikugwira ntchito, sindinamvetserepo buku lawo lamasana. Nyuzi imene amatiwerengera m'mawa ndimamva, chifukwa imanena za mvula ndi tsiku lofika mafuta ophikira. Akangotsegula buku ine mutu umapita ku manja. Ndudu 110 patsiku sizidzipichira zokha.

Bukuli analimbikira ndi Dayamí. Tsiku losankha anayenda tebulo ndi tebulo, mimba ili patsogolo, kunyengerera anthu kuti akweze manja. Ine ndinakwezera buku lina, la apolisi. Sanandiyankhule mpaka pa mlatho.

Fefa wandidulira mwachidule. Ndalemba kuseri kwa pepala lokulungira:
Casilda, zaka 19, bambo ake chuma chinatha.
Markezi, ndiye bwana wamkulu wa minda ndi nyumba, zaka 50, wamasiye.
Leandro, msilikali, alibe kanthu koma ndevu zokongola.
Zaka 150 zapitazo, ku Spain.
Ukwati ndi mawa.

Lachitatu, 6 Malichi

Ndamvetsera. Ndudu 91 zokha, ziwiri andibwezera kuti n'zothina.

Nditafika kunyumba ndakhala m'mphepete mwa bedi, ndamuuza: wakwatiwa ndi Markezi. Anayatsa makandulo 300 m'chipinda chimodzi. Mahatchi 24 anaima panja mvula ikugwa, palibe amene anaganiza zowafunditsa. Phwando linatha m'mawa. Basi.

Kenako iye, osatembenuka, “Anavala chiyani?”

Sindinadziwe. Mayi Hortensia anatha mphindi khumi pa diresi limenelo, ine ndikuganiza za mahatchi.

Lachinayi, 7 Malichi

Diresi loyera ngati mkaka, lansalu yoterera, mabatani a ngale 40 kumsana, maluwa a lalanje kumutu. Fefa wandibwerezera katatu ngati mwana wa sukulu. Chicho wa kutsogolo kwathu akuti, “Ukufuna kusoketsa lako, m'bale? Chiuno ulibe.”

Lero Leandro anabwera kudansi wosaitanidwa. Casilda anatseka chokupizira mphepo chake pang'onopang'ono, ndiye holo yathu yonse kumenya mipeni yodulira fodya pamatebulo, gogogo, ngati timu ya Sancti Spíritus yawina mpira. Ndafunsa kuti chachitika n'chiyani. Fefa akuti kutseka choncho ndiye kuti “ndidikire kumunda”. Anthu amenewo analibe pakamwa?

Ndamuuza Dayamí zonse, mabatani omwe. Anamva, ndikudziwa, chifukwa phewa linasiya kugwedezeka. Wadya koko wophika theka la mbale.

Ndikupalasa madzulo ano njinga imandipepukira moipa. Kale iye ankakhala kumbuyo, dzanja limodzi m'chiuno mwanga, linalo m'mwamba, akundifotokozera buku limene tonse tinali titamva kumene. Ankasintha mawu. Nkhalamba ankayilankhula m'mphuno, wansembe ankamulankhula kukhosi. Pofika pokoma ankandimenya kumsana mpaka njinga kupotoka. Manja ake ankanunkhira tsamba lonyowa, poti tsiku lonse amakhala akuchotsa mitsempha ya masamba a fodya pantchafu. Ine ndinkangoti eya, eya, ndikuyang'ana maenje. Ndikanadziwa ndikanamvetsera.

Lachisanu, 8 Malichi

Tsiku la amayi padziko lonse. Kufakitale agawa duwa limodzilimodzi. Anzake a Dayamí andipatsira lake, ndabwera nalo m'thumba la malaya, lafika lothyoka khosi.

Adokotala a pakona abwera. Akhala naye nthawi yaitali chitseko chotseka. Potuluka andiitanira panja. Akuti ndi matenda, ali ndi dzina lake, amagwira amayi ambiri akabereka, si ulesi ndipo si kudana ndi mwana. Alemba mankhwala ndi kalata yokaonana ndi dokotala wina ku Sancti Spíritus pa 20. Akuti tisamusiye yekha, tisamukalipire. Ndafunsa kuti zimatha masiku angati. Akuti si chimfine.

Apongozi akuti ndi diso loipa la anthu. Amangirira kamkanda kakuda pa malaya a Lianet. Sindinatsutse. Ndangoonetsetsa kuti pini yatsekeka bwino.

L. wadya 6.10, 9.00, 12.30, 3.15, 6.40.

Lamlungu, 10 Malichi

Matewera 14. Sopo watsala kachidutswa.

Lamlungu n'lovuta chifukwa kulibe buku. Ndakhala naye m'chipinda ndilibe chonena. Ndayesa kumuuza za mpope wa madzi umene ndakonza. Palibe.

Ndikuyanika ndakumbukira tsiku loyamba kulankhula ndi Dayamí. Magetsi anazima pakati pa buku, chimkuzamawu chinafa, Mayi Hortensia mawu awo safika kumapeto kwa holo. Mtsikana wina wa kwa ochotsa mitsempha anakwera pa mpando n'kumabwereza mokuwa chilichonse chimene akuwerenga. Koma ankawonjezera zake. Mayi Hortensia akati “anamugwira dzanja”, iye akuti “anamugwira dzanja, mtima uli pa zina”. Anthu kugwa n'kuseka. Ine ndinapita kukamuuza kuti mpandowo mwendo umodzi ndi wosweka, atsike asanavulale. Anandiyang'ana ali m'mwambamo n'kunena kuti, “Ndiye ugwire.” Ndinagwira mpando mpaka magetsi anayaka. Ola ndi theka.

Amakonda kuuza anthu kuti m'mabuku amuna amagwada ndi mphete, wake anabwera ndi misomali. Chifukwa mawa lake ndinakaukhoma mpandowo.

Lolemba, 11 Malichi

Buku ladumpha chaka. Casilda wabereka mwana wamkazi, wa Markezi. Atamubweretsera, watembenukira kukhoma. Akuti mutengeni. Amupereka kwa mayi wina woyamwitsa wochokera kumudzi, iye wadzitsekera m'chipinda chapamwamba, makatani otseka.

Ndadzicheka chala. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinadzichekepo.

Zimenezi sindingakamuuze. Ndanena kuti Mayi Hortensia mawu atha, lero sanawerenge.

Apongozi abwereka sutikesi kwa a Mirta oyandikana nafe.

Lachiwiri, 12 Malichi

Zafika poipa. Casilda sakudya. Akumva mwana akulira pansi, akutseka makutu ndi pilo. Wauza wantchito wake kuti m'chifuwa mwake muli mwala pamene panayenera kukhala mtima. Leandro watumiza kalata, sanaitsegule n'komwe.

Sindikanatha kunamanso za mawu a Mayi Hortensia. Ndiye panjinga ndapanga yanga.

Ndamuuza kuti kunagwa chimvula, denga la nyumba yaikulu linayamba kudontha pamwamba penipeni pa bedi la Casilda. Markezi anavula jekete, anakwera. Anapeza matailosi asanu osweka ndi mtanda umodzi wofumbwa. Leandro akudutsa pahatchi anaona kuti makwerero akugwedezeka, anatsika n'kuwagwirira. Awiriwo anagwira ntchito mpaka madzulo, n'kugwirizana. Casilda anawaphikira khofi.

Ndinaona kuti yakhala bwino. Palibe wolira, denga lakonzeka.

Dayamí watembenuka. Koyamba m'masabata awiri wandiyang'ana kumaso, nthawi yaitali. Ine ndimati yagwira.

Lachitatu, 13 Malichi

Ndapitiriza. Ndati lero Markezi anaona kuti gudumu la galeta likulira, anagona pansi kuti alithire mafuta.

“Osniel.”

Ndati ee.

“Markezi sakonza denga.”

Ndati ameneyu amakonza.

“Ali ndi antchito makumi anayi. Nsapato amamuvula ndi munthu. Sadziwa n'komwe ngati denga limakhala pamwamba kapena pansi.” Mawu ake okhakhala, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nthawi yaitali. “Matailosi asanu. Mtanda wofumbwa. Ameneyo ndi iwe wavala chipewa chachitali.”

Ndiye anaseka. Kamodzi kokha, m'mphuno. Apongozi anafika pakhomo ndi chipande m'manja. Kuseka kuja kunasanduka kulira, analira mpaka kunjenjemera. Nditati ndimugwire anati, “Chachitika n'chiyani kwa Casilda? Wafa?” Ndati ayi. “Ndiye ndiuze zoona.” Ndati mwana akulira, ndinatuluka. Mwana sankalira.

Apongozi kukhitchini: “Mukumudwalitsa ndi nthano zanuzo. Loweruka lichedwa.”

Lachinayi, 14 Malichi

Nthawi ya nkhomaliro ndakwera pa nsanja ya Mayi Hortensia. Chiyambire ndinali ndisanakwerepo. Pali mpando, kapu ya madzi a uchi, ndi bukulo, lokutidwa ndi nyuzi, lonenepa ngati njerwa. Ndati mayi, mundiuze mmene zithere. Mwanayo afa? Mayiyo achira?

Avula magalasi. Akuti zaka 31 sanauzepo munthu mathero, ngakhale mkulu wa fakitale anayesa. Akuti iwonso amawerengeratu za tsiku limodzi lokha, kuti mawu awo asaulule. Ndati ndibwerekeni usiku umodzi. Akuti, “Kuti ukawerenge ndi chala mpaka Khirisimasi?” Zoona, koma zinawawa.

Ndawauza zonse. Za khoma, za manja pabedi, za lole ya anyezi, za denga. Pa denga anatseka pakamwa ndi mpango.

Kenako akuti, “Mwanawe, mkazi wako wamva mabuku oposa makumi awiri ali pa benchi ija. Amadziwa kuti pakati pa buku ndi pamene pamawawa. Amene akuopa ndi iwe. Kamuuze mmene ndawerengera, usachotse, usawonjezere matailosi.”

Ndafika kunyumba dzuwa likadalipo. Apongozi anali atapita kukatenga buledi. Lianet ndinamunyamula ine. Ndakhala pa mpando, ndanena zonse kuyambira Lolemba. Khoma. Mutengeni. Pilo kumakutu. Mwala m'chifuwa. Sindinamuyang'ane, ndimayang'ana mutu wa mwana.

Nditamaliza ndimadikira kulira. Sanalire. Anafunsa kuti, “Anthu anati chiyani?”

Ndati anthu ati, a m'buku?

“A mu holo. Anzanga. Atamva kuti wakana mwana, anati chiyani?”

Apa m'pamene ndinazindikira chimene wakhala akuopa masiku onsewa. Mwayi wake ndinali nditaona, ndiye ndinanena mmene zinalili. Palibe anamenya mpeni. Holo inangoti zii, kumangomveka masamba. Chicho ndiye anati mkazi ameneyu ndi mfiti, galu amene samutaya mwana wake. Fefa anamugenda ndi mitsempha ya fodya yodzaza dzanja, n'kumuuza kuti, “Tseka pakamwa, iwe unaberekapo chiyani kupatula ngongole za mowa?” Kenako ananena mokweza, osayang'ana munthu, kuti iye atabereka Raulito anatha miyezi itatu osafuna kumuona, ankabisala kuseri kwa thanki yamadzi kuti asamve kulira. Raulito yemwe uja amamubweretsera nkhomaliro tsiku lililonse. Kumbuyo mayi wina anati nanenso, pa mwana wanga wachiwiri. Sindinaone kuti ndani. Mayi Hortensia anadikira kaye asanapitirize.

Dayamí: “Fefa?”

Ndati Fefa.

“Fefa amene amapsompsona chithunzi cha Raulito pa tebulo?”

Ndati yemweyo.

Wakhala tsonga. Wayang'ana Lianet ali m'manja mwanga, osati mwachangu ngati amachitira, wamuyang'anadi. Akuti, “Makutu ndi ako, mwatsoka.” Sanamutenge. Koma wadya mpunga ndi nyemba patebulo, limodzi nafe.

Lachisanu, 15 Malichi

Ndudu 88. Kapitawo wandiyang'ana n'kungodutsa. Ndikuganiza Fefa wamuuza.

Lero Casilda anatsika masitepe opanda nsapato, n'kukaima pakhomo la chipinda cha mwana. Dzanja pa chitseko. Mayi woyamwitsa akuimba m'katimo. Pomwepo Mayi Hortensia atseka buku. “Lolemba, anzanga.” Holo yonse kukuwa. Chicho amene, “Mayi inu mulibe chisoni!”

Ndamuuza. Akuti, “Amatero dala. Lachisanu lililonse.” Pakamwa panachita ngati pakufuna kumwetulira.

Koma sutikesi yatsekedwa. Apongozi sakulakwa, ndikudziwa. Ku Banao kuli mkaka, kuli azakhali ake, kuli mphepo ya m'phiri. Kuno masana amakhala awiriwiri, ine ndili kuntchito. Sindinamufunse Dayamí kuti akufuna chiyani, ndimaopa yankho. Ndamasula kabedi ka mwana, ndamanga matabwa ake ndi waya, zomangira ndaika m'kabotolo kuti zisatayike. Kalata ya pa 20 ndaika pamwamba pa zovala. Mankhwala m'thumba lam'mbali.

Ndinakapanga ndekha kabediko, ndi zidutswa za mkungudza zotsala kwa opanga mabokosi. Iye ali pa mpando apo, mapazi otupa m'beseni, akundiuza kuti mwana wathu azidzagona ngati ndudu yodula.

Loweruka, 16 Malichi

Lole yafika 10 koloko, msewu wonse kununkha anyezi. A Evelio, achimwene a apongozi, sanazimitse injini, akuti ikazima mpaka tikankhe. Ndakweza sutikesi. Ndakweza matabwa a kabedi. Apongozi andipatsa mwana kuti akathandize Dayamí kuvala.

Watuluka atavala diresi lake lobiriwira, tsitsi losapesa, akuphethira ndi dzuwa. Wafika pa sitepe, waima.

Apongozi: “Tiye, mwana wanga, amalume ako akudikira.”

Iye: “Mama, Lolemba ndani akandiuze ngati watsegula chitseko?”

“Chitseko chanji?”

“Sindipita.”

Apongozi ayamba, mkaka, azakhali, mphepo. Iye akuti, “Inu khalani sabata ina, ndikukupemphani. Pa 20 mundiperekeze kwa dokotala. Koma sindipita. Ndikufuna Fefa abwere mawa.” A Evelio aliza hutala. Apongozi andiyang'ana ine ngati ndine ndalemba bukulo. Kenako apukuta m'maso ndi epuloni n'kukuwa, “Evelio, tsitsa sutikesiyo, wangokhala ngati thumba bwanji!”

Hutala ija yamudzutsa Lianet, wayamba kulira. Ine ndikumugwedeza, ndikuyang'ana matabwa anga kuti asapite ndi anyezi. Dayamí watsika sitepe imodzi.

“Ukumugwedeza ngati ukusefa mchenga. Bwera naye kuno.”

Ndamupatsa. Wamugwira ndi manja onse awiri, dzanja lina kumutu. Mwana sanasiye kulira. Iye sanatsinzine. Walowa naye m'nyumba.

Ine ndatsala pamsewu, manja ali lende. A Evelio akuti, “Mkamwini, matabwawa utsitsa kapena ndikagulitse?”

L. wadya 10.40. Nthawiyi wandiuza ndi Dayamí mwiniwake, ali kuchipinda.